Fern ya M'mapiri a Chongoni: Kuizindikira ndi Mbiri ya Dzina Lake

Nkhani ya lero ndi ya chomera cha m'tchire chimene sichichita maluwa, sichibala chipatso, chilibe ndi njere yomwe, koma chimatha kudzaza mbali yonse ya phiri mpaka udzu kusowa pomera. Zomera za gulu limeneli mabuku a sukulu amazitcha ma fern. Padziko lonse ilipo mitundu yoposa 10,000, koma lero ukambidwa mtundu umodzi wokha, umene ndi wosasowa m'mapiri a Dedza, m'mphepete mwa nkhalango ndi m'malo amene moto umadutsa chaka ndi chaka. Olankhula Chingerezi amautcha bracken. Akatswiri a zomera amautcha Pteridium aquilinum, ndipo potchula dzinali chilembo choyamba sichimveka, munthu amangoyambira pa "te".

Nkhaniyi iyamba ndi malo amene chomerachi chimakonda, kenako ifotokoza zizindikiro zake chimodzichimodzi, zomera zina zimene zimasokoneza anthu, ndi mmene dzina lake linabwerera. Mfundo yoti omvera aigwire kuyambira pano ndi iyi: fern sidziwika poiyang'ana pamwamba pokha. Tsamba lake liyenera kutembenuzidwa, ndipo pansi pamene lamera payenera kuonedwa bwino.

Nkhalango ya Chongoni ili kumpoto chakumadzulo kwa tawuni ya Dedza, kufupi ndi msewu wa M1 wopita ku Lilongwe. Boma linaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924. Ambiri amalidziwa derali chifukwa cha zithunzi zakale za pamiyala, monga za ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi: zofiira zimene anajambula Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Mu 2006 bungwe la UNESCO linalemba malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife, kumene alangizi a zankhalango amaphunzira ntchito yawo, ilinso komweko.

Kwa munthu wofunafuna ma fern, ubwino wa Chongoni ndi wakuti malo ake si a mtundu umodzi. Kuli nkhalango ya miombo, ya mitengo monga mombo, mchenga ndi msuku. Kuli minda ya paini yodzala anthu. Kuli matanthwe akuluakulu okhala ndi ming'alu, timitsinje tamthunzi, ndi udzu wa pamwamba pa mapiri. Fern iliyonse ili ndi malo ake, ndipo malowo ndi chizindikiro choyamba. Pteridium imafuna kuwala ndi nthaka yosasunga madzi. Pakati pa dambo lonyowa simera, ndipo mumthunzi wandiweyani imafooka. Malo ake enieni ndi m'mphepete mwa nkhalango, m'mbali mwa misewu ya m'minda ya paini, pamene mitengo yadulidwa kumene, ndi m'masala amene anthu anasiya kulima.

Asanafotokozedwe maonekedwe ake, pafunika kumvetsa kaye mmene fern imaberekera, popeza chifukwa chotembenuzira tsamba chagona pamenepo. Chimanga chili ndi ngayaye ndi ndevu, dzungu lili ndi duwa, ndipo zonsezi zimathera ku njere. Fern ilibe zimenezi. Kunsi kwa tsamba lake lokhwima kumakhala timatumba ting'onoting'ono todzaza ndi fumbi lofiirira. Fumbi limeneli akatswiri amalitcha ma spore. Timatumbato tikauma timaphulika, mphepo n'kulitenga fumbilo kupita nalo kutali.

Kambewu kamodzi ka fumbili kakagwera pa nthaka yachinyezi, sikamera fern nthawi yomweyo. Kamayamba kamera kachomera kena kobiriwira, kopyapyala, kosaposa chikhadabo, kogona pansi. Pa kachomera kameneka ndi pamene pamapangika mbewu yachimuna ndi dzira, ndipo mbewu yachimunayo imachita kusambira m'kadontho ka madzi kuti ikapeze dziralo. Zikakumana, m'pamene pamaphuka fern imene anthu amaiona. Amene anafotokoza bwino kayendedwe kameneka mu 1851 ndi Wilhelm Hofmeister wa ku Germany, munthu amene pa nthawiyo ntchito yake inali yogulitsa mabuku, zomera ankangoziphunzira payekha m'mamawa asanatsegule sitolo. Ichi ndicho chifukwa chake ma fern ambiri amakonda malo achinyezi: popanda kadontho ka madzi kaja sipakhala kubereka.

Tsono mtundu uliwonse wa fern uli ndi kaikidwe kakekake ka timatumba taja. Wina umatiika m'timadontho tozungulira pakati pa tsamba, wina m'timizere topendekeka, wina m'mphepete. Masamba a mitundu iwiri angathe kufanana kwambiri pamwamba, koma kunsi safanana. Ndiye chifukwa chake tsamba liyenera kutembenuzidwa.

Gawo lotsatira likutchula zizindikiro za Pteridium, kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

Choyamba ndi kaimidwe kake. Ma fern ambiri amatulutsa masamba awo onse pamalo amodzi, mozungulira phata. Pteridium sitero. Tsamba lililonse limatuluka m'nthaka lokhalokha, lina pano, lina apo, motalikirana. Munthu akagwada n'kuyang'ana pansi pa masambawo amaona mapesi oima chilili aliyense payekha, popanda phata lowalumikiza. Chowalumikiza chili m'nthaka.

Chachiwiri ndi chimene chili m'nthakacho. Anthu ambiri amachitcha muzu, koma kwenikweni ndi tsinde loyanga pansi pa nthaka. Ndi lakuda kunja, lonenepa ngati chala, ndipo limayenda mopingasa, kugawika nthambi uku ndi uku, nthawi zina mozama kufika mkono wathunthu. Likathyoledwa, mkati mwake mumaoneka moyererapo ndi monanda, chifukwa ndimo mmene chomerachi chimasungamo chakudya. Kunsonga kwake kuli ubweya, koma mamba palibe. Apa ndi pofunika kumvetsera: ubweya ndi timaulusi, pamene mamba ndi tizidutswa tophwatalala touma tofiirira, timene ma fern ambiri amakhala nato patsinde. Pteridium ili ndi ubweya wokha.

Tsinde la pansili limafotokoza zambiri za khalidwe la chomerachi. Chigawo chonse cha Pteridium chodzaza mbali ya phiri chingathe kukhala chomera chimodzi chokha chimene chakhala chikuyanga kwa zaka zambirimbiri. Ku Finland akatswiri anayeza zigawo zotere n'kupeza kuti zina zakhala zaka mazana ambiri. Chisanu cha mu Juni ndi Julayi chikaumitsa masamba, kapena moto wa osaka mbewa ukadutsa mu Ogasiti ndi Sepitembala, chimene chimafa ndi cha pamwamba chokha. Tsinde limakhala lili phee pansi, ndipo posakhalitsa masamba atsopano amatulukira pa lupsa.

Chachitatu ndi phesi la tsamba. Ndi lolimba, lakuda kumunsi kumene lalowa m'nthaka, lotuwa mofiirira kumtunda, ndipo lili ndi kangalande mbali imodzi. Silofunika kulizula ndi dzanja lopanda kanthu. Likang'ambika limakhala lakuthwa, ndipo ambiri amene analikoka mwamphamvu anachekeka nalo zala.

Chachinayi ndi tsamba lanthete. Limatuluka m'nthaka litadzipinda, nsonga yake ili mkati, lokutidwa ndi ubweya wofiirira, ndipo limafunyululuka pang'onopang'ono kuyambira kumunsi. Kudzipinda kotereku ndi khalidwe la ma fern ambiri, kotero kumathandiza kudziwa kuti chomeracho ndi fern, ngakhale sikunena kuti ndi fern iti. Koma pa Pteridium pali kanthu kena kapadera. Pamene nthambi zoyamba za tsamba zikulumikizana ndi phesi pali timalo tiwiri tosalala, takuderako, totulutsa timadzi totsekemera. Tsamba likadali lanthete, nyerere zimakwera kudzanyambita pamenepo. Munthu woleza mtima akaima kanthawi pafupi ndi tsamba lotere amaziona zikukwera ndi kutsika phesi.

Chachisanu ndi tsamba lokhwima. Ndi lalikulu, lotambalala kumunsi, losongoka kumtunda, la ngodya zitatu. Pamalo owuma limafika m'chiuno, koma pachonde ndi pamthunzi pang'ono limatha kupitirira msinkhu wa munthu wamkulu. Ndi logawikagawika: phesi limatulutsa nthambi ziwiriziwiri moyang'anana, nthambizo zimatulutsa tinthambi, ndipo tinthambito timagawikanso timasamba ting'onoting'ono. Chimene munthu wosadziwa amachiyesa kamtengo ka masamba ambiri ndi tsamba limodzi lokha. Polikhudza ndi lokhakhala, lolimba, losiyana ndi ma fern ofewa a m'mphepete mwa madzi.

Chachisanu ndi chimodzi, chimene chimamaliza nkhani, ndi kunsi kwa tsamba. Kumeneko ndi kotuwirako ndipo kawirikawiri kuli ubweya. M'mphepete mwa katsamba kalikonse mwapindikira pansi ngati mpendero wa nsalu imene telala wasoka, ndipo timatumba ta fumbi timabisala mkati mwa mpendero umenewo, mumzere wosadukiza wotsata m'mphepete monse. Pakati pa tsamba palibe timadontho ayi. Tsamba lokhala ndi timadontho tozungulira pakati si la Pteridium, ngakhale lifanane nayo chotani pamwamba.

Pali vuto limodzi pamenepa. Masamba ambiri a Pteridium sabereka fumbi n'komwe, popeza chomerachi chimadalira kwambiri tsinde lake la pansi. Mpendero umakhalapo, koma mkati mulibe kanthu. Wofufuza amayenera kutembenuza masamba angapo, makamaka a pamalo owomba dzuwa, asanapeze lobereka. Likapezeka, pali njira yosavuta yotsimikizira, imene ngakhale ana a sukulu angaiyese. Kachidutswa ka tsamba kamaikidwa papepala loyera, kunsi kwake kutayang'ana pansi, n'kukasiya usiku wonse pamalo opanda mphepo. Kukacha, kachidutswako kakanyamulidwa mosamala, papepalapo pamatsala mzere wa fumbi lofiirira wojambula m'mphepete mwa katsamba kalikonse.

Omvera amene anayendapo m'mapiri a Dedza, Ntcheu, Zomba kapena Mzimba angadzifunse: chomera chimene chimawakwapula m'miyendo podutsa njira ya chidule m'mphepete mwa nkhalango, anayamba achitembenuzapo tsamba lake? Mfundo ija ibwerezedwe: fern imadziwika kunsi kwa tsamba ndi pansi pamene yamera.

Tsopano zomera zimene zimasokoneza. Zina si ma fern n'komwe. Katsitsimzukwa ali ndi timasamba tosalala tambirimbiri, ndipo m'mayiko ena abale ake amagulitsidwa m'miphika ya maluwa ndi dzina la fern, koma ali ndi minga, amachita timaluwa toyera, amabala tizipatso. Chomera chobala chipatso si fern. Mphukira za mombo zotuluka pachitsa nazo zimanamiza munthu ali patali, chifukwa masamba ake ndi ogawika timasamba tiwiritiwiri, koma tsinde lake ndi la mtengo, lili ndi khungwa, ndipo kunsi kwa masamba kulibe kanthu.

Pakati pa ma fern enieni, osokoneza kwambiri ndi a gulu lotchedwa Pteris, chifukwa nawonso amaika fumbi lawo m'mphepete mwa tsamba. Apa kutembenuza tsamba kokha sikukwanira, ndipo m'pamene theka lachiwiri la mfundo ija limagwira ntchito. Pteris imatulutsa masamba ake mwachigulu paphata limodzi, patsinde pake pali mamba, ndipo mitundu yake yambiri imakonda mthunzi ndi chinyezi. M'ming'alu ya matanthwe a dziko lino mumamera ina yaing'ono yotchedwa Pellaea calomelanos, ya phesi lakuda lonyezimira ndi timasamba tolimba totuwa mobiriwira. Nayonso fumbi lake lili m'mphepete, koma kukula kwake ndi mtundu wa phesi lake zimaisiyanitsa msanga. M'nkhalango za miombo nthawi ya dzinja mumatuluka Nephrolepis undulata, ya tsamba lalitali lopapatiza logawika kamodzi kokha, yokhala ndi timadontho patalipatali kunsi ndi timbatata m'nthaka, ndipo chilimwe chikafika imauma n'kuzimiririka. M'mphepete mwa timitsinje ta pamwamba pa mapiri monga Nyika, Zomba ndi Mulanje muli Cyathea dregei, imene ili ndi thunthu lakuda loima ngati mtengo. Imeneyi sisokoneza munthu ikakula, koma ikadali yaing'ono tsamba lake liyenera kutembenuzidwa: fumbi lake lili m'timadontho tozungulira.

Zizindikiro zatha, gawo lotsatira ndi la dzina.

Anthu okhala kufupi ndi nkhalango ali ndi mayina awo a zomera, ndipo mayinawo amanyamula nzeru za ntchito ya chomera, malo ake ndi kuopsa kwake. Jessie Williamson anasonkhanitsa ambiri a mayinawa m'buku la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955, ndipo Blodwen Binns anatulutsa Dictionary of Plant Names in Malawi mu 1972. Chimene chimaoneka m'mabuku oterewa ndi chakuti chomera chimodzi chimakhala ndi mayina angapo malinga ndi dera ndi chilankhulo, pamene dzina limodzi limatha kutchula zomera zingapo zofanana. M'boma la Dedza lokha muli Achewa, Angoni ndi Ayao. Omvera angachite bwino kufunsa agogo a m'mudzi mwawo dzina limene iwo amaitchula fern imeneyi, ndi kuona ngati dzina lomwelo amatchuliranso ma fern ena a m'matanthwe ndi a kumtsinje. Dzina la sayansi silinabwere kudzachotsa mayina amenewa. Ntchito yake ndi yakuti mlangizi wa ku Dedza, dokotala wa ziweto wa ku Brazil ndi mphunzitsi wa ku Japan adziwe kuti akukamba za chomera chimodzi.

Dzina la sayansi limakhala la mawu awiri. Loyamba ndi la gulu la zomera zapachibale, lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo mkati mwa gululo. Dongosolo limeneli analikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'buku lake la Species Plantarum la mu 1753. M'buku lomwelo ndi mmene fern ya lero inalandira dzina lake loyamba, Pteris aquilina. Linnaeus anaona fumbi la m'mphepete mwa tsamba, n'kuiika pamodzi ndi ma Pteris aja. Liwu lachiwirilo likuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chiwombankhanga. Ena amati ndi chifukwa cha nthambi za tsamba zotambasuka ngati mapiko. Ena amati ndi chifukwa cha chithunzi chimene chimaoneka phesi likadulidwa mopendekeka kumunsi: mitsempha yake yakuda imapanga maonekedwe amene anthu a ku Ulaya ankati ndi chiwombankhanga chotambasula mapiko. Aliyense wokhala ndi mpeni wakuthwa angadule phesi n'kudzionera yekha ngati mbalameyo ilipodi.

Patapita zaka zoposa zana, akatswiri anavomereza kuti chomerachi si Pteris weniweni. Zifukwa zake ndi zomwe zatchulidwa kale: tsinde loyanga pansi, ubweya m'malo mwa mamba, komanso kachikuto kena kachiwiri kopyapyala kobisika mkati mwa mpendero uja, kamene ma Pteris alibe. Mu 1879 Maximilian Kuhn wa ku Berlin anachisamutsira ku gulu la Pteridium, dzina n'kukhala Pteridium aquilinum. Chochititsa chidwi ndi chakuti analemba zimenezi m'buku lofotokoza za maulendo a Carl Claus von der Decken kum'mawa kwa Africa, kotero dzina limene dziko lonse likugwiritsa ntchito lero linasindikizidwa koyamba m'buku la zomera za ku Africa kuno. M'mabuku a akatswiri dzinali limatsatiridwa ndi chilembo L, chokumbutsa Linnaeus amene anayamba kulitchula, ndi dzina la Kuhn amene analisamutsa.

Nkhani sinathere pamenepo, chifukwa Pteridium imamera pafupifupi m'makontinenti onse kupatula kumalo a madzi oundana a Antarctica, ndipo maonekedwe ake amasinthako dera ndi dera. Carl Peter Thunberg, wophunzira wa Linnaeus amene anayenda kudera la Cape ku South Africa, anaona kuti ya kumeneko ndi yosiyanako, ndipo mu 1800 anaitcha Pteris capensis. Lero akatswiri ambiri amati kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kuli nthambi ziwiri za chomerachi, ndipo zonse zimapezeka m'Malawi muno. Ina, imene inatenga dzina la Thunberg lija, imatchedwa capense. Ndi ya kumapiri ozizira, m'mphepete mwa nkhalango zobiriwira ndi m'udzu wa pamwamba. Inzake imatchedwa centrali-africanum, kutanthauza ya pakati pa Africa, ndipo ndiyo ya m'nkhalango za miombo. Imadziwika ndi nsonga za tinthambi take, zimene zimathera ku katsamba kamodzi katali kopapatiza kosagawika. Akatswiri ena amati kusiyanaku n'kokwanira kuti ikhale mtundu paokha, ena amati ndi nthambi chabe ya mtundu umodzi. Malo ngati Chongoni, kumene miombo ya m'munsi imakumana ndi udzu wa pamwamba pa phiri, ndi malo oyenera kuyang'anitsitsa nsonga za tinthambi munthu asanatchule ngati ndi capense kapena centrali-africanum.

Kusinthasintha kwa mayina kotereku kumatopetsa alangizi ndi ophunzira, ndipo kudandaula kwawo n'komveka. Koma dzina la sayansi silisintha chifukwa wina wangofuna. Limatsata umboni, ndipo umboniwo ndi chomera chenicheni chouma chosungidwa m'nyumba yosungiramo zitsanzo za zomera. Mtundu uliwonse wotchulidwa dzina uli ndi chitsanzo chake choyambirira chimene dzinalo linamangidwapo, ndipo pakabuka mkangano akatswiri amabwerera ku chitsanzo chimenecho. Mkungudza wa ku Mulanje, mwachitsanzo, umatchedwa Widdringtonia whytei chifukwa dzinalo linamangidwa pa zitsanzo zimene Alexander Whyte anatola paphiripo mu 1891.

M'Malawi ntchito imeneyi ili m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, imene likulu lake lili ku Zomba. Buku limene akatswiri a kuno akhala akudalira pa ma fern ndi gawo la Flora Zambesiaca limene analemba Edmund Schelpe wa ku yunivesite ya Cape Town, lotuluka mu 1970. Limafotokoza ma fern a m'Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, ndipo mafunso ake ambiri otsogolera ku dzina ndi omwe aja: fumbi lili pati, patsinde pali ubweya kapena mamba, masamba akutuluka pamodzi kapena motalikirana.

Munthu wofuna kuti akatswiri amutsimikizire dzina la fern ayenera kukonza chitsanzo chokwanira. Nsonga ya tsamba yokha sithandiza. Pafunika tsamba lobereka fumbi, phesi lake lonse mpaka kumunsi, ndi kachidutswa ka tsinde la pansi. Tsamba lalikulu ngati la Pteridium limapindidwa kapena kudulidwa zigawo, n'kuliyala pakati pa nyuzipepala zakale, mbali ina itayang'ana kumwamba, ina itatembenuzidwa kuti kunsi kuzioneka. Pamwamba pamaikidwa thabwa ndi chinthu cholemera, ndipo nyuzipepalazo zimasinthidwa tsiku ndi tsiku mpaka tsamba litauma, apo ayi limachita nkhungu. Pakapepala pamalembedwa malo, tsiku, dzina la wotola, msinkhu wa chomeracho, mitengo imene chinamera nayo pafupi, ngati malowo anapsa, ndi dzina limene anthu a pamalopo amachitchula. Chitsanzo chopanda kapepala kameneka akatswiri sachiwerengera. M'nkhalango yotetezedwa ngati Chongoni, kutola ndi kukumba zomera kumafuna chilolezo cha dipatimenti ya zankhalango. Amene alibe chilolezo angajambule ndi foni: chithunzi cha chomera chonse pamalo ake, cha pansi pamene phesi lalowa m'nthaka, ndi cha kunsi kwa tsamba chojambulidwa pafupi.

Gawo lomaliza likuyankha funso limene mlimi angafunse: kudziwa dzina la chomera cha m'tchire kuli ndi phindu lanji? Yankho lili m'khola la ng'ombe. Pteridium ili ndi poizoni. Mu 1983 akatswiri a ku Japan anapatula m'chomerachi mankhwala otchedwa ptaquiloside, amene amaononga mafuta a m'mafupa opanga magazi ndiponso amayambitsa khansa. Ng'ombe ikadya masamba ambiri kwa milungu ingapo imatentha thupi, imafooka, imatuluka magazi m'mphuno ndi m'ndowe, ndipo kawirikawiri imafa. Ikamadya pang'onopang'ono kwa zaka, imayamba kukodza magazi chifukwa cha zotupa za m'chikhodzodzo. Mulinso chinthu china chimene chimaononga vitamini B1 m'thupi, ndipo chimavutitsa kwambiri akavalo ndi nkhumba. Ziweto sizikonda kudya chomerachi msipu ukakhalapo. Ngozi imabwera kumapeto kwa chilimwe, udzu utauma kapena utapsa, pamene chobiriwira chokha pa lupsa ndi masamba anthete a Pteridium, omwenso ndi amene ali ndi poizoni wambiri. Poizoniyo satheratu tsamba likauma, kotero womweta udzu wa ng'ombe za mkaka m'mphepete mwa nkhalango ayenera kusankhula masamba amenewa asanamange mtolo.

Ku Japan ndi ku Korea anthu amadya masamba anthetewa ngati ndiwo, atawawiritsa ndi kuwaviika nthawi yaitali, ena m'madzi a phulusa, kuti poizoni achepe. Ngakhale zili choncho, ofufuza za umoyo amachenjezabe za kuwadya kawirikawiri, ndipo si chinthu choyesera kunyumba.

Pteridium ndi chomera cha kuno, sichinabwere ndi munthu, ndipo tsinde lake limagwira nthaka ya m'mbali mwa phiri kuti isakokoloke. Komabe pamene nkhalango yadulidwa ndipo moto ukudutsa kawirikawiri, chimafalikira n'kuphimba udzu ndi mbande za mitengo. Ku Nyika kufalikira kwake m'madera a udzu kwakhala kukudetsa nkhawa oyang'anira malo osungirako nyamawo. Kutentha sikuchithetsa, popeza moto sufika pamene pali tsinde, ndipo umangochichotsera zomera zopikisana nacho. Njira imene imathandiza pamunda kapena pabusa ndi kudula masamba atangofunyululuka, kubwerezanso akaphukira, ndi kuchita chimodzimodzi zaka zingapo motsatizana, kufikira chakudya chosungidwa m'tsinde la pansi chitachepa ndipo udzu wayambanso kumera.